Mwana Adziwe za Thupi Lake, Adziwenso Kusunga Mpamba

Pali mchitidwe wina m'madoko athu umene tonse timaudziwa koma sitiutchula mumzikiti. Nsomba zikasowa, makamaka nyengo ya mwera, ogula amachuluka kuposa usipa wofika pagombe. Mayi kapena mtsikana wa mpamba wochepa amauzidwa kuti ayambe wagona ndi mwini bwato kapena wantchito wake, ndipo pokhapo amugulitsa nsomba. Apa nkhani ya thupi ndi ya malonda zakumana, choncho tiyenera kuziphunzitsa pamodzi.

Ena amati kukamba zoterezi ndi ana n'kulaula. Komatu Umm Sulaim anafunsa Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) ngati mkazi ayenera kusamba atalota maloto a m'banja, ndipo anayankhidwa. Mayi Aisha anayamikira amayi a Ansar chifukwa manyazi sanawaletse kuphunzira chipembedzo. Kumadrasa timaphunzitsa kale za msambo ndi janaba. Chatsala n'kuonjezerapo za matenda.

Kachirombo ka HIV kanapezeka m'Malawi muno mu 1985, ndipo kuyambira 2004 ma ARV amaperekedwa kwaulere m'zipatala za boma. Womwa mankhwalawa mokhulupirika amakhala ndi moyo wautali, ndipo mayi woyembekezera amateteza mwana wake. Anyamata athu auzidwe poyera kuti mdulidwe umachepetsa chiopsezo ndi pafupifupi 60 peresenti basi. Ndimamva chisoni mnyamata wochokera kujando akamadziyesa kuti wavala chishango. Atsikana nawo adziwe kuti likodzo la m'madzi athuwa limatha kuyambitsa zilonda ndi magazi kumaliseche, ngakhale kwa amene sanadziwepo mwamuna. Ameneyo apite kuchipatala, osati kumunyoza. Ofuna nikah ayambe ayezetsa magazi onse awiri, ndipo makolo akumbukire kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18.

Komabe ulaliki wokha sukhutitsa mimba. Mtsikana amene tamuuza kuti akane, timpatsenso njira yopezera chakudya. Mayi Khadija anali wamalonda wolemba anthu ntchito, ndipo Mtumiki anakawagulitsira katundu ku Sham. Abdur-Rahman bin Auf atafika ku Madina chimanjamanja, anakana theka la chuma cha m'bale wake wa Ansar napempha kuti amuonetse msika.

Phunziro loyamba ndi kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Ambiri amagwa pamenepa: agulitsa usipa, ndalama zonse aziyesa zawo, agula chitenje ndi foni, m'mawa alibe chogulira nsomba zina. Mwana aphunzire kulemba m'kope mtengo wogulira, wa galimoto, wa chiphaso cha msika ndi nsomba zimene zaonongeka, kenako aone chotsala. Ngongole nayo ilembedwe pamaso pa mboni, monga ikulamulira ayah 282 ya Surat Al-Baqarah, imene ili yaitali kuposa zonse m'Qur'an. Katapira ndi riba, ndipo wobwereka amangogwirira ntchito mwini ndalama.

Amayi akasonkha mpamba n'kumagula nsomba monga gulu, mwini bwato amakambirana nawo za mtengo masana, anthu akuona. Makomiti a mizikiti athandize kukhazikitsa magulu oterewa. Aitanenso azaumoyo kumadrasa, ndipo anyamata akhale ndi mwalimu wawo, atsikana ndi mayi wodziwa.