Chifukwa chiyani zotsatira za kolera zimachedwa, nanga m'kolimani muja muli chiyani?

Amayi ndi abambo amene mukukhala m'misasa ya ku Meluluca, pali mafunso awiri amene akubwera kawirikawiri. Ena mukuti, "Anatenga chimbudzi cha mwana wanga, mpaka lero zii." Ena mukufunsa za mabokosi ozizira aja, amene ambiri timati kolimani, omwe azaumoyo amayenda nawo. Mafunso onsewa akukhudza nkhani imodzi, nkhani ya kuzizira. Koma choyamba gwirani ichi: wodwala sadikira zotsatira. Munthu akayamba kutsegula m'mimba madzi okhaokha, ayambe kumwa ORS, imene mapepala a Chipwitikizi amalemba kuti SRO, ndipo mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo. Kolera ingathe kupha munthu wamkulu m'maola ochepa chabe.

Kuyeza kolera kuli mitundu iwiri. Kwina ndi kwa pomwepo: kapepala kakang'ono kamene amaviika m'chimbudzi, ndipo mizere imaoneka isanathe theka la ola. Timapepala timeneti sitifuna jeleira, imene ena amati firiji, koma sitiyenera kukhala pamalo otentha kuposa madigiri 30. Kunyanja kuno, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, m'kati mwa tenti mumatentha kuposa pamenepo, n'chifukwa chake timasungidwa pamthunzi ndi pamalo opita mphepo. Kapepalaka kamangotichenjeza basi. Kutsimikiza kwenikweni kumachitika kulabotale ya mumzinda, kumene kachilombo amakadzala m'kambale ndi kukasunga pa madigiri 35 mpaka 37 kwa maola 18 mpaka 24, kuti kamere aone ngati ndi ka kolera. Mukaonjezera ulendo wochoka kuno kudzera ku Metangula kukwera mapiri kupita ku Lichinga, kenako kuyeza kwina kofuna kudziwa mtundu wa kachilomboko ndi mankhwala amene angakaphe, muona kuti masiku angapo amatha. Paja mliri umene unayamba m'boma lino la Lago mu Seputembala 2022 n'kufalikira m'zigawo zina za Mozambique unali wa kachilombo komweka, kotchedwa Vibrio cholerae.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti chimbudzi chopita kukayezedwa kolera sachiika pa madzi oundana. Kachilombo ka kolera kamafooka ndi kuzizira, ndiye kakafa panjira labotale sipezamo kanthu. Amachiika m'kabotolo kotseka bwino, momwe muli mankhwala olimba ngati phala lozizira otchedwa Cary-Blair, n'kuchinyamula osachiziziritsa, kungopewa dzuwa. Choncho zonena kuti m'makolimani muja amanyamulamo kolera kudzaithira m'zitsime n'zabodza.

Zimene zimafuna kuzizira ndi mankhwala oyezera. Munthu akadwala kwambiri kolera, thupi limataya madzi ndi mchere wa m'magazi, makamaka potaziyamu, ndipo impso zimatha kuleka kugwira ntchito. M'zipatala zikuluzikulu muli makina amene amayeza magazi paokha. Wogwira ntchito amangoika timabotolo ta magazi, makinawo n'kumatunga kadontho ka magazi ndi kadontho ka mankhwala, kusakaniza, kenako n'kuwerenga ndi kuwala mmene mtundu wasinthira. Potero dokotala amadziwa mmene impso zilili kapena kuchuluka kwa shuga.

Ambiri mwa mankhwala oyezerawa ali ndi zinthu zochokera ku zamoyo, ndiye amaonongeka ndi kutentha monga mmene chimachitira chambo chikakhala m'bwato tsiku lonse. Kusiyana kwake n'kwakuti nsomba yovunda imanunkha, aliyense n'kuitaya. Mankhwala oyezera akaonongeka sanunkha ayi, ndipo nthawi zambiri amaoneka bwinobwino, koma amatulutsa nambala yabodza. Impso zodwala zingaoneke ngati zili bwino. Apa m'pamene pali ngozi.

N'chifukwa chake makinawa ali ndi kajeleira kawokawo m'kati. Mabotolo a mankhwala amakhala m'mbale yozungulira, kapena m'kabati kotsekedwa, pamalo ozizira ngati m'jeleira ya kuchipatala, pafupifupi madigiri 2 mpaka 8, ngakhale makina ena amalola kupitirirako pang'ono. Makina ambiri amaziziritsa ndi timbale tating'ono totchedwa Peltier. Magetsi akadutsa m'kambaleko, mbali ina imazizira pamene ina imatentha. Mbali yozizira imayang'ana kumankhwala, yotenthayo imayang'ana kunja, kumene kachipangizo kokupiza mphepo kamachotsa kutenthako. M'katimo muli koyezera kutentha kamene kamaonjezera kapena kuchepetsa mphamvu, ndipo zinthu zikalakwika makina amalira kuchenjeza. Chivindikiro chimakhala chotseka, chokhala ndi timabowo tating'ono tongokwana singano yotungira, kuti mankhwala asaume ndiponso fumbi lisalowe. Madzi amene amachita mame m'katimo ali ndi kanjira kawo kotulukira. Kadontho kokha kamene katungidwa ndi kamene kamatenthetsedwa kufika madigiri 37, monga thupi la munthu, pa nthawi yoyeza.

Usiku makina akapuma, kajeleirako sikazimitsidwa. Makinawo amawerenganso masiku kuchokera pamene botolo linatsegulidwa, ndipo masiku akakwana amachenjeza kapena kulikana. Tsiku lililonse, asanayeze wodwala, a kulabotale amayamba ayeza madzi apadera amene nambala yake akuidziwa kale. Nambala ikaphonya, sapitiriza mpaka vuto litakonzedwa. Magetsi akathima nthawi yaitali popanda jenereta, mankhwala amasamutsidwira m'jeleira ina, apo ayi amatayidwa. Makina otere sangakhale m'tenti kuno, ndipo kunena zoona, odwala kolera ambiri sawafuna n'komwe. Ambiri amachira ndi ORS yekha, ena ochepa ndi diripi.

Nanga kolimani? Nthawi ya kampeni mumakhala katemera wa kolera, wakumwa uja, wonga amene anaperekedwa m'Niassa mu 2023. Nayenso amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8 ndipo sayenera kuundana. Pa kabotolo kake pali kachizindikiro kozungulira kokhala ndi kabokosi koyera pakati. Katemera akatenthedwa kwambiri, kabokosiko kamada, ndipo kakafanana ndi mtundu wa kunja kwake kapena kuda kuposa pamenepo, saperekanso kwa munthu. Muli ndi ufulu wopempha kuti akuonetseni musanamwe. Amene amamwa ndi oyambira chaka 1 kupita m'tsogolo. Musapemphe kuikamo nsomba kapena madzi akumwa m'kolimani ya katemera, ndipo ana asamaitsegule, chifukwa kutsegula kulikonse kumalowetsa kutentha.

Musadandaule ngati wodwala wanu sanatengedwe chimbudzi. Mliri ukatsimikizika m'dera, sayeza aliyense. Amangotenga kwa anthu owerengeka kuti aone ngati kachilombo kadakalipo ndiponso ngati mankhwala akukaphabe. Chithandizo chimakhala chimodzimodzi, woyezedwa ndi wosayezedwa.

Zimene muli nazo pamsasa sizifuna jeleira. Paketi imodzi ya ORS isungunulidwe mu lita 1 ya madzi otetezedwa, ndipo yotsala itayidwe pakatha maola 24. Ngati paketi palibe, mu lita 1 thirani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, wodwalayo azimwa muli panjira. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera, muwaphitse kapena muthiremo Certeza monga mwa malangizo a pabotolo, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Botolo la Certeza ndi mapaketi a ORS muziike pouma, pamthunzi, posafika ana.