NCHITO YATSOPANO M'CIGWA NDI MATENDA A KAODZERA

Munthu akapeza nchito yatsopano, a pabanja pace amawerengera ndalama zimene adzalandira, koma ndi ocepa amene amafunsa za malo amene adzagwirako nchitoyo. M'boma la Chama funso limeneli ndi lalikuru, pakuti nchito zambiri za m'Cigwa ca Luangwa zimamcotsa munthu pamudzi ndi kumlowetsa m'thengo. Mnyamata wolembedwa nchito yolonda nyama ku Musalangu, mlimi wotsegula munda wa thonje m'mphepete mwa nkhalango, wogula mpunga woyendera midzi yakutali pa njinga, msodzi ndi wofula uci, onsewa amakomana ndi kashembe, nchenche imene imafalitsa matenda a kaodzera.

Matendawa si acilendo m'cigwaci. M'caka ca 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, a Stephens ndi a Fantham, anapima magazi a munthu amene anatenga matendawa ku Luangwa, napeza kuti kacirombo kace kanali kosiyana ndi ka kumadzulo kwa Africa. M'caka ca 1912 a Kinghorn ndi a Yorke, pogwira nchito m'cigwa comweci, anatsimikiza kuti kashembe wa m'thengo ndiye amanyamula kaciromboka. Iko kamakhala m'magazi a nyama monga mbawala ndi njiri, ndipo kashembe akayamwa nyama yotere, naluma munthu pambuyo pace, amamsiyira matenda.

Akashembe amene ali ndi kacirombo ndi ocepa pakati pa anzao. Munthu wokhala pamudzi polambulidwa bwino amalumidwa mwa apo ndi apo, koma nchito ikamuika m'thengo tsiku ndi tsiku amalumidwa kambirimbiri, ndipo ngozi yace imakula.

Pakapita mlungu umodzi kufikira itatu, pamalo polumidwa pamatha kuturuka cotupa copweteka. Thupi limatentha, mutu ndi mfundo zimawawa, ndipo nthawi zina mwanabere amatupa. Cobvuta n'cakuti zizindikiro zimenezi zifanana ndi za malungo, motero ambiri amataya masiku akumwa mankhwala a malungo pamene kacirombo kali kulowa m'ubongo. Kakafika kumeneko wodwala amaodzera usana, nasowa tulo usiku, nzeru zimasokonezeka, ndipo khalidwe lace limasintha. Kaodzera wa kuno ndi wofulumira. Popanda mankhwala amapha m'miyezi yowerengeka, kapena m'milungu cabe.

Cifukwa cace wodwala akafika ku cipatala anene msanga nchito yace ndi kumene wakhala akuyenda. Mau ocepa amenewa amathandiza a cipatala kuti afunefune kacirombo ka kaodzera m'magazi. Ngati mankhwala a malungo atha koma thupi likutenthabe, abwerere ku cipatala osazengereza, ngakhale ulendo wa ku Chama ndi wautali.

Matendawa amaciritsika. Kwa zaka zambiri mankhwala anali a jekeseni: suramin kwa amene afika msanga, ndi melarsoprol kwa amene kacirombo kafika kale m'ubongo. Aciwiriwa ndi aukali kwambiri, ndipo ena amafa nao. Mapiritsi ochedwa fexinidazole, omwedwa masiku 10 pamodzi ndi cakudya, anayesedwa ku Rumphi m'Malawi ndi ku Uganda, ndipo m'caka ca 2024 bungwe la World Health Organization linawabvomereza pa kaodzera wa mtundu umenewu.

Palibe katemera wa kaodzera, motero cofunika n'kupewa kulumidwa. Kashembe amaluma usana, amakopeka ndi nsaru zakuda ndi zabuluu, ndipo amatsata cinthu coyenda monga galimoto ndi njinga. Wanchito abvale malaya a manja aatali ndi buluku lalitali, za nsaru yocindikala ya khaki, pakuti nsaru yopyapyala kashembe amaiboola. Asapumule m'zitsamba zowirira dzuwa likakhala paliwombo, pakuti m'menemo ndimo nchenchezi zimabisala. Pozinga msasa ndi m'mbali mwa munda watsopano palambulidwe. Nsaru zakuda ndi zabuluu zimene a za ziweto amaimika m'thengo ndi misampha yothiridwa mankhwala ophera kashembe, ndipo woicotsa alakwira mudzi wonse pamodzi ndi ziweto zace. Olemba anthu nchito ayenera kuwafotokozera zonsezi asanawatumize m'thengo.

Udindo wina uli ndi a pakhomo. Mkazi kapena mai ndiye amayamba kuona kuti munthu amene anabwerako ku nchito akuodzera ali pa nsima, kapena akukwiya popanda cifukwa. Asaganizire za ufiti, ndipo asadikire kuti ayambe akolola kapena agulitsa thonje. Amnyamule tsiku lomwelo kunka naye ku cipatala, pakuti wofika msanga ndiye amacira bwino nabwerera ku nchito yace.