Sizasi, Guluu ndi Nkhope za Anthu

Chithunzi cha munthu chimatha kunena zambiri kuposa maonekedwe a nkhope yake. Mfundo imeneyi ndiyo inatsogolera amisiri a zojambulajambula ku Russia, Achikomyunizimu atalanda boma m'chaka cha 1917. Amisiriŵa ankadula ndi sizasi zithunzi zojambulidwa ndi kamera, namata zidutswazo pamodzi ndi zilembo ndiponso mizere. Luso limeneli limatchedwa photomontage.

M'chaka cha 1924 El Lissitzky, ali ku Switzerland kumene ankalandira mankhwala a chifuwa chachikulu, anapanga chithunzi cha iye mwini chotchedwa The Constructor. M'malo momata mapepala, iye anasanjikiza zithunzi zingapo potsuka filimu, kotero kuti diso lake likuonekera pakati pa chikhatho, dzanjalo litagwira kampasi yolembera mizere yozungulira. Potero anafuna kuphunzitsa kuti wojambula wa nyengo yatsopano ali ngati injiniya: diso, dzanja ndi chipangizo zimagwira ntchito limodzi.

Komatu mwini sizasi ndiye amasankha woti akule ndi woti achepe. Izi zikuoneka bwino m'ntchito za Gustav Klutsis wa ku Latvia, amene ankakhala ku Moscow. M'chaka cha 1920 iye anamata chithunzi cha Lenin akuyenda mwamphamvu, pofuna kulengeza cholinga cha boma chofikitsa magetsi m'dziko lonse. Itafika nthaŵi ya Stalin, Klutsis anapanga zithunzi zambiri zopachika m'makoma, m'mene mtsogoleriyo ankaoneka wamkulu ngati phiri, pamene khamu la antchito linkaoneka ngati nyerere. Popeza nkhope iliyonse inachokera ku kamera, chithunzi chokonzedwacho chinkaoneka ngati umboni weniweni.

Kutamanda konseko sikunampulumutse Klutsis. Anamangidwa mu Januwale 1938, ndipo mwezi wotsatira anaomberedwa ku Butovo, pafupi ndi Moscow. Mkazi wake, Valentina Kulagina, yemwenso anali wojambula, anamwalira mu 1987, ndipo zoona zake za imfayo zinadziŵika mu 1989.

Masiku ano kompyuta imachita m'kamphindi ntchito imene kale inkafuna sizasi ndi guluu. Choncho munthu wanzeru akaona chithunzi cha munthu wotchuka, asamangoti diso silinama. Ayenera kufunsa kuti anachikonza ndani, anachotsapo chiyani, nanga anafuna kuti woona akhulupirire chiyani.