NCHITO YA WOKONZA MAPULANI A MZINDA

Lero ndifuna kulankhula ndi a ku Chilomoni za nchito ya wokonza mapulani a mzinda.

Ife alangizi timauza mlimi kuti ayambe waika akalozera asanalime pamtsetse. Kumanga mzinda kulinso chimodzimodzi. Wokonza mapulani amayesa malo nyumba zisanamangidwe, nasonyeza podzera mseu, pokumba ngalande za madzi, poika msika, ndi posiya mitengo.

Tayang'anani phiri lathu la Michiru. Mitengo yake imagwira dothi ndi kuchepetsa liwiro la madzi a mvula. Ikatha, madziwo adzatsikira m'nyumba zathu. Tonse tikumbukira March 2023, pamene namondwe Freddy anagumula mbali ya phiri la Soche, matope nakwirira anthu ambiri ku Chilobwe. Michiru akasungidwa bwino amakokanso alendo, monga aja okwera Njira ya Mtanda, ndipo owatsogolera amapezapo ndalama.

Maphunziro a nchitoyi alipo ku MUBAS, imene kale inali Polytechnic. Anyamata ndi atsikana inu, limbikirani masamu ndi jogalafe. Ndipo inu makolo, musanakumbe maziko a nyumba, kafunseni kaye ku Khonsolo ya mzinda. Tsalani bwino.