Masamba amatheka ku Chembe, musanamizidwe

Mayi wina wa ku Chembe, ku Cape Maclear kuja, wandidandaulira kuti ana ake amangodyera usipa tsiku ndi tsiku. Akuti masamba ndi odula, ndipo pofika kuchokera ku Monkey Bay amakhala atafota kale. Akutinso pamchenga sipamera kanthu. Apo ndiye ndakana, mayi.

Pa ntchito yanga ya unamwino ndinaona ana ambiri a kunyanja operewera magazi, chonsecho nsomba pakhomo sizisowa. Usipa ndi wabwino zedi, koma thupi limafunanso mavitamini a m'masamba ndi zipatso.

Chinsinsi chake ndi nyengo. Kwanuko kumatentha, inde, koma kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mwera ukamawomba, kumazizirako. Imeneyo ndiyo nthawi ya mpiru, repu, tchayinizi, tomato ndi anyezi. Fesani mu Epulo mvula ikamatha. Mukachedwa mpaka Okutobala, dzuwa lidzakupsererani zonse. Nthawi yotentha ndi ya dzinja dalirani zathu zomwe: therere, bonongwe, nkhwani, chisoso ndi kholowa. Mbatata yake ikhale yofiira mkati ija, monga Zondeni, poti ili ndi vitamini A wothandiza maso. Za kachewere ndi maapozi iwalani, zimenezo n'za ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Mchenga susunga madzi. Tsono kumbani bedi lolowa pansi, thiranimo ndowe za mbuzi zowolerana, kenako phimbirani ndi udzu wouma. Kuthirira kukhale m'mamawa ndi madzulo. Mpanda musaiwale, mbuzi za m'mudzimo ndi anyani otsika m'mapiri a paki sadziwa kuti munavutika.

Kumbali ya zipatso, papaya ndiye wachangu, chaka chisanathe mwayamba kudya. Mango, mandimu ndi magwafa zimachitanso bwino. Dzalaninso chamwamba, masamba ake mudzithira m'phala la mwana. Nanga malambe mumangowapondawa? Ufa wake uli ndi vitamini C wochuluka, amene amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'zakudya.

Koma chenjezo langa ndi ili: potunga madzi othirira, musatume ana kukaima nthawi yaitali m'madzi a m'mphepete. Dera limenelo likodzo ndi lodziwika. Mwana akayamba kukodza magazi, thamangani naye kuchipatala, mankhwala ake a praziquantel alipo ndipo amachiza.