NKOLOKO YA PA MKONO IMANAMA PA ZA MA CALORIE

Mukadzuka m'mamawa mu tauni ya Lundazi, mudzaona anthu ena akuyenda mwamsanga m'mseu wopita ku Chipata, ena akuzungulila kufupi ndi damu la ku Castle Hotel. Ena mwa iwo amavala nkoloko zamakono zochedwa smartwatch. Akamaliza, amayang'ana pa mkono. Nkoloko ikalemba kuti atentha ma calorie 400, mtima umakhala m'malo, ndipo pobwelela kunyumba amagula vitumbuwa ndi botolo la cakumwa cozizila poganiza kuti "nagwilila nchito."

Calorie ndi muyeso wa mphamvu imene cakudya cimapatsa thupi. Munthu akamadya zambili kuposa zimene thupi ligwilitsila nchito, zotsala zimasanduka mafuta. Koma nkoloko siyeza mphamvu imeneyi. Akatswili akafuna kuiyeza molondola, amaveka munthu cophimba pakamwa ndi pamphuno, namayeza mpweya umene akoka ndi umene atulutsa. Nkoloko imangoyelekezela. Kunsi kwake kuli kanyali kobiliwila kamene kamawelenga kugunda kwa mtima poona magazi pansi pa khungu, ndipo mkati muli kacipangizo komva kugwedezeka kwa mkono. Zimenezi imaziphatikiza ndi zaka, msinkhu ndi kulemela kumene mwini anailembela, nkutulutsa nambala.

Mu 2017, ofufuza a pa Stanford University ku America anayesa nkoloko za mitundu 7, kuphatikizapo Apple Watch, Fitbit Surge ndi Samsung Gear S2, pa anthu 60 amene anali kukhala pansi, kuyenda, kuthamanga ndi kupalasa njinga. Pa kugunda kwa mtima, nkoloko 6 zinacita bwino, zinaphonya ndi mapelesenti osafika 5. Koma pa ma calorie panalibe ngakhale imodzi imene inakhoza. Yabwino koposa inaphonya ndi mapelesenti 27, yoipitsitsa ndi 93. Anapezanso kuti kuphonya kunali kwakukulu kwa anthu onenepa ndi a khungu lakuda, ngakhale kuti ofufuza ena a pa Duke University mu 2020 sanapeze kusiyana pa za khungu. Izitu zinali nkoloko zodula za makampani ochuka. Nanga ija yochipa imene munagula pa msika?

Kuno kwathu palinso cina. Nchito zimene zimatitulutsa thukuta si zija za m'nyumba zamasewela. Bambo amene apalasa njinga ndi thumba la cimanga pa kaliyala amatha mphamvu zambili, koma manja ake ali phee pa mahandulo, ndiye nkoloko ingawelenge zocepa. Cimodzimodzi mai wosenza cigubu ca madzi ca malita 20, kapena wobeleka mwana: nkoloko sidziwa kuti pali katundu. Pamene munthu wokhala pa mpando akucapa kapena kusenda nshawa, mkono umagwedezeka kwambili ndipo nkoloko ingamupatse masitepe amene sanayende. Kutentha kwa mu October nakonso kumathamangitsa mtima, nkoloko nkuganiza kuti mwalimbika kuposa masiku onse.

Tiyeni tiwelengele pamodzi. Munthu wa makilogalamu 70 akayenda mwamsanga kwa theka la ola amatentha ma calorie pafupifupi 150. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi ma calorie oposa 120. Nshawa zokazinga zodzala dzanja limodzi, magalamu 30, zili ndi pafupifupi 170. Ndiye kuti thukuta la m'mawa wonse lingathele pa kantemba kamodzi musanafike n'komwe pa geti la nyumba. Nkoloko ikaonjezela nambala, munthu amadya mopitilila akuganiza kuti akadali ndi cenji. Kwa wodwala matenda a shuga, amene anauzidwa ku cipatala kucepetsa nsima ndi zotsekemela, kulakwitsa kotele kungakweze shuga m'magazi.

Ku University of Pittsburgh anatsatila anthu onenepa oposa 400 kwa zaka ziwili, ndipo zotsatila zake zinatuluka mu 2016. Onse analangizidwa za kadyedwe ndi maseŵela, koma ena anapatsidwanso kacipangizo kovala pa mkono. Amene anali nako anatsika makilogalamu 3.5, pamene amene analibe anatsika 5.9.

Sitikunena kuti muitaye. Ndalama zinapita kale, ndipo ili ndi nchito yake. Iseŵenzetseni poŵelenga nthawi: bungwe la World Health Organization limalangiza akulu kucita zolimbitsa thupi kwa mamineti 150 mpaka 300 pa mlungu, monga kuyenda mwamsanga kufikila mutayamba kupuma mwamphamvu koma mukali kukwanitsa kulankhula. Ingakuthandizeninso kuyelekeza lelo ndi dzulo. Imangeni mothina pang'ono, kumtunda kwa kafupa ka pa mkono, ndipo mulembemo kulemela kwanu kwenikweni, osati kumene munali nako pa tsiku la cikwati.

Ngati colinga canu ndi kucepetsa thupi, kwelani pa sikelo ya ku kiliniki kamodzi pa mwezi, ndipo mubweleke tepi ya atelala muyeze m'ciuno. Ciuno cisapose theka la kutalika kwanu. Amene mumamwa mankhwala a shuga kapena a BP, funsani anesi musanasinthe kadyedwe kapena kuyamba kuthamanga.