Mandala pa Nyengo ya Chiperoni

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, Chiperoni chikakuta mapiri a ku Thyolo ndi ku Mulanje, wapanjinga wovala mandala amaona zakuda. Pokwera chitunda magalasi ake amachita chifunga, ndipo maenje a mumsewu ngakhalenso galimoto zobwera kutsogolo zimabisika.

Chifungachi sichichokera kumwamba ayi. Mpweya wa m'kamwa ndi nthunzi ya thukuta n'zofunda ndiponso zachinyezi. Zikakhudza galasi lozizira zimasanduka timadontho ting'onoting'ono tomwe timamwaza kuŵala. Vutoli limakula munthu akamapalasa pang'onopang'ono, pakuti mphepo youlutsa chinyezicho imachepa.

Mankhwala ake ali m'nyumba momwe. Munthu apake sopo pang'ono mbali zonse ziŵiri za galasi, adikire kuti aume, kenaka apukute ndi kansalu kofeŵa. Sopoyo amachititsa madzi kuyalika mopyapyala m'malo moundana timadontho. Mandala asakanirire kumaso, ndipo mpango usatseke pakamwa chifukwa umakankhira mpweya kumagalasi. Chipeŵa chamlomo nacho chimatchinga mvula yowaza.

Zonsezi zikakanika, wanzeru amatsika panjinga n'kupukuta mandala ake. Kuchedwa kusukulu n'kwabwino kusiyana ndi kukagonekedwa m'chipatala.